"Mayi, Simukuoneka M'kompyuta": Kodi Dzina Lanu Limakhala Litapita Kuti?

Pali mawu atatu amene amayi ambiri a ku Madziabango, Chileka ndi Lirangwe mwawamvapo pawindo la chipatala, kaya kwanu konko kapena mutatumizidwa m'tauni. Oyamba ndi akuti "netiweki palibe." Achiwiri ndi akuti "sisitimu yagwa." Achitatu, amene amalasa mtima kwambiri, ndi akuti "mayi, simukuoneka m'kompyuta." Munthu walawirira m'mamawa, walipira kabaza, wodwala amene wamuperekeza watsala ndi mapiritsi a masiku awiri, kenako akumva zoterezi. Ena amabwerera kunyumba chimanjamanja. Ena amangoti, "Ndilembeni ngati watsopano," kuti zithe msanga.

Nkhaniyi ikukhudza inu kwambiri, chifukwa m'mabanja ndi m'miphakati mwathu ndinu amene mumadikirira odwala, kupita ndi ana kusikelo ndi kusunga mabuku a kuchipatala a banja lonse. Mfundo yake ndi imodzi: kompyuta ikalephera kuona zolembedwa zanu, nthawi zambiri zolembedwazo zimakhala zilipo. Chimene chasokonekera ndi njira yokafikira kumene zili. Mukamvetsa mmene njirayo imayendera, simudzachita mantha pawindo, ndipo mudzadziwa choti mufunse ndi choti munyamule.

Nkhokwe ili pena, mawindo ali pena

Kompyuta imene kalaliki kapena namwino amadina pamaso panu si imene imasunga mbiri yanu. Iyo ili ngati lichero, nkhokwe ili kwina. Nkhokweyo ndi kompyuta ina yotchedwa seva, imene kawirikawiri imakhala m'kachipinda kokhoma, yolumikizidwa ku mabatire kuti isazime magetsi akathima. Makompyuta a pawindo, a kwa dokotala ndi a kolandirira mankhwala onse amakatapa ndi kukathira mu seva yomweyo, kudzera m'mawaya kapena pa Wi-Fi. Kulumikizana kumeneku ndiye netiweki ya pachipatala. Ndi yosiyana ndi netiweki ya Airtel kapena TNM ya pafoni yanu, choncho foni yanu ikhoza kumagwira bwinobwino pamene ya chipatala yafa.

Kuno kwathu njira imeneyi siinayambe dzulo. Mu 2001, gulu la Baobab linayamba kulemba odwala pa makompyuta odina ndi chala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu olandira mankhwala anachuluka kwambiri moti makaundula a pepala anayamba kulemera. Mu 2006, makompyuta oterewa anayamba kugwira ntchito kukiliniki ya ma ARV pachipatala cha Queen Elizabeth, chija ambiri timachitcha Gulupu, ndipo kuchokera apo anafalikira m'zipatala zambiri za boma ndi za mishoni. Kasitika ka timizere takuda kamene ena mwamatidwira pabuku lanu la kuchipatala kanabwera ndi njira imeneyi. M'timizeremo muli nambala yanu.

Anthu amene anakonza njirayi ankadziwa dziko lathu. Ankadziwa kuti magetsi amathima ndiponso kuti intaneti imadula. Nchifukwa chake anaika seva pachipatala pomwepo, kuti ntchito isamadikire intaneti. Nzeru imeneyi yapulumutsa ntchito masiku ambiri. Koma ili ndi mbali inanso: mbiri yanu yonse imakhala makamaka mu seva ya pamalo pamene munalembetsa ndi pamene mumalandirira chithandizo.

Makompyuta nawo ali ndi midzi yawo

Maliro akagwa m'mudzi, mnyamata wa amfumu amayenda akulengeza mokweza. Aliyense wa m'mudzimo amamva, ngakhale sanatchulidwe dzina. Koma a kutsidya la mtsinje samva mfuu imeneyo. Kuti uthenga uwafike, pamafunika kutuma munthu, ndipo wotumidwayo ayenera kudziwa mudzi ndi khomo limene akupita.

Makompyuta amachita chimodzimodzi. Kompyuta iliyonse pa netiweki imakhala ndi nambala yake, yotchedwa IP, yolembedwa m'zigawo zinayi, monga 192.168.1.10. M'maofesi ang'onoang'ono ambiri, zigawo zitatu zoyambirira zimatchula mudzi, ndipo chomaliza chimatchula khomo. Kompyuta ya 192.168.1.10 ndi ya 192.168.1.25 ndi za mudzi umodzi. Ya 192.168.2.15 ndi ya mudzi wina, ngakhale itakhala m'chipinda choyandikana. Mudzi woterewu akatswiri amautcha subnet, ndipo wokonzedwa motere umakwana makomo 254.

Seva yosunga mafailo imadzilengeza ngati mnyamata wa amfumu uja. Imafuula kuti, "Ndilipo, dzina langa ndi lakuti," ndipo makompyuta a m'mudzi mwake amailemba pamndandanda wa anzawo amene akuwaona. Mlembi akatsegula mndandandawo, amapeza seva ija n'kudinapo. Pamalire a mudzi ndi mudzi pamakhala kabokosi kotchedwa rauta, kamene kali ngati mlatho wokhala ndi mlonda. Rauta imaolotsa uthenga wolembedwa bwino kumene ukupita, koma mfuu yongofuulira aliyense siiolotsa. Anaipanga choncho mwadala. Mfuu za makompyuta onse zikanati ziziwoloka paliponse, netiweki ikanadzaza phokoso ngati msika wa Lunzu tsiku la msika, ndipo uthenga weniweni ukanasowa podutsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kompyuta ya mudzi wina ikatsegula mndandanda wake, seva ija siimaonekapo. Seva ili moyo, mafailo onse ali m'malo mwake, koma mfuu yake yathera pamlatho.

Chosaoneka si chotayika

Kusaoneka pamndandanda ndi kusafikika ndi mavuto awiri osiyana, ndipo katswiri wabwino amayamba wawalekanitsa. Nyumba ya mnzanu wa ku Lirangwe simungaione muli ku Madziabango, koma mukadziwa njira mukafika. Momwemonso, kompyuta imene siikuona seva pamndandanda ikhoza kuifikira ngati wina alemba nambala ya sevayo mwachindunji. Pa makompyuta a Windows amalemba timizere tiwiri topendekera kumbuyo, kenako nambala ija, motere: \\192.168.1.10. Mafailo akatseguka, ndiye kuti njira ili bwino, chimene chinasowa ndi mfuu chabe.

Pali chinthu chachitatu, ndicho dzina. Anthu timakumbukira mayina, makompyuta amayendera manambala. Mufoni mwanu mumadina "Amayi a Mpando" koma foniyo imaimba nambala. Nambala ikasintha inu osakonza, dzina lija limangoimba kopanda munthu. Pa netiweki pamakhala kaundula wotembenuza mayina kukhala manambala, wotchedwa DNS. Kale maofesi ambiri a Windows ankagwiritsanso ntchito wina wotchedwa WINS. M'mudzi umodzi kompyuta ikhoza kungofuula kuti, "Wakuti ndani?" n'kuyankhidwa. Kutsidya kwa rauta zimenezo sizitheka, pamafunika kaundula. Kaundulayo akasowa, kapena akakhala ndi nambala yakale, dzina la seva limakana pamene nambala yake ikugwira bwinobwino.

Zimenezi sizichitika kuchipatala kokha. Taganizani za ofesi ya parishi kapena ya sukulu, kumene kompyuta imodzi imasunga mafailo onse: mndandanda wa akhristu, malipoti a chuma, makalata a bungwe lanu. Tsiku lina wina wagula rauta yatsopano ya Wi-Fi kuti azigwirira ntchito muholo, n'kuilumikiza ku waya wa mu ofesi. Osadziwa, wakhazikitsa mudzi watsopano. Malaputopu onse olowa pa Wi-Fi ija akulandira manambala a mudzi wina, ndipo mlembi akutsegula mndandanda n'kupeza kuli zii. Mtima uli phaa, akuganiza kuti malipoti a chaka chonse afufutika. Chonsecho palibe chimene chatayika. Katswiri amangosintha rauta yatsopanoyo kuti ikhale yongofalitsa Wi-Fi m'mudzi wakale womwewo, kapena amaika njira yachidule ya ku seva pa laputopu iliyonse.

Mmene wodziwa amafufuzira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wodziwa ntchitoyi sayamba ndi kufufuta kapena kusinthasintha zinthu. Amayambira pafupi n'kumapita patali, ndipo amasintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti adziwe chimene chachiza. Ndi bwino kuti ndondomekoyi muidziwe, makamaka inu amene muli alembi ndi asungichuma, kapena muli m'komiti ya pachipatala.

Funso loyamba ndi lakuti: vutoli lagwira angati? Ngati kompyuta imodzi yokha ndiyo ikukana pamene zinzake zikugwira, matenda ali pa iyoyo kapena pa waya wake. Ngati makompyuta onse a nyumba imodzi akana koma a nyumba ina akugwira, ayang'ane waya kapena kabokosi kolumikiza nyumba ziwirizo. Ngati onse akana, maso apite ku seva.

Chachiwiri ndi magetsi ndi mawaya. Seva yayaka? Timagetsi ta pa rauta tikuthwanima? Makoswe amadya mawaya kudenga, chiswe chimalowa m'mapaipi, wosesa amazula pulagi kuti atchajire foni. Mphezi za m'dzinja nazo zimapsereza timabokosi timeneti. Magetsi a ESCOM akathima nthawi yaitali, mabatire okalamba amatha msanga. Ambiri mukukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, madzi ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mavuto ochuluka a netiweki amathera pa sitepe imeneyi.

Chachitatu ndi nambala ya kompyuta yokanayo. Ili m'mudzi uti? Ikudziwa nambala ya mlatho wotulukira? Kompyuta ya Windows ikaonetsa nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti inapempha nambala koma palibe anaipatsa, yangodzipatsa yokha. Ili ngati mlendo amene sanaonekere kwa amfumu. Palinso vuto lobwera magetsi akabwerera: ngati seva sinapatsidwe nambala yokhazikika, ikhoza kudzuka ndi nambala ina, makompyuta onse n'kumagogoda pakhomo lakale. Mankhwala ake n'kuipatsa nambala yosasintha ndi kuilemba m'buku la mu ofesi.

Chachinayi ndi kugogoda. Pali lamulo lalifupi lotchedwa ping, limene lili ngati kunena "odi" pakhomo la kompyuta ina n'kudikira kuyankhidwa. Katswiri amayamba wagogoda pa rauta ya m'mudzi mwake, kenako pa nambala ya seva, kenako pa dzina la seva. Pamene yankho lasiyira kubwera ndi pamene pali chotchinga. Nambala ikayankha koma dzina osayankha, vuto ndi kaundula uja. Amakumbukiranso kuti maseva ena anauzidwa kuti asamayankhe "odi" ngakhale ali maso, choncho chete sikuti nthawi zonse ndi imfa.

Chachisanu ndi mlonda wa pakhomo, wotchedwa firewall. Kompyuta ili ndi makomo ambirimbiri a manambala, ndipo mafailo a Windows amadutsira pakhomo nambala 445. Kawirikawiri mlondayo amakhala atauzidwa kuti azitsegulira a m'mudzi momwemo okha, ndipo wochokera kutsidya amabwezedwa. Ndiponso Windows ikaganiza kuti netiweki imene yalowayo ndi ya pagulu, monga ya kumalo odyera, imadzibisa n'kuleka kuyang'ana anzake. Zikatero katswiri amaiuza kuti pano ndi pakhomo.

Chomaliza ndi chilolezo. Njira ikhoza kukhala yotseguka, koma munthuyo alibe dzina ndi pasiwedi yolowera. Apa palibe chimene chaonongeka. Sisitimu ikugwira ntchito yake.

Dongosolo la makompyuta a odwala limasiyana pang'ono ndi la mafailo a mu ofesi, chifukwa makompyuta a pawindo amakhala atauzidwa kale nambala ya seva, sadikira mfuu. Koma mafunso ake ndi omwewa: magetsi, waya, nambala, mlatho, mlonda, chilolezo.

Mpanda umenewu ukuteteza inu

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangogwetsa malire onsewa kuti kompyuta iliyonse iziona inzake? Yankho lili m'zimene zili mu sevamo. Muli zotsatira za magazi anu, mimba zimene munapititsa padera, matenda amene ngakhale apongozi anu sadziwa. Lamulo la dziko lino la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi cha munthu pa za mthupi mwake. Chipatala chosamala chimaika dala makompyuta a odwala m'mudzi wawokha, kuti foni ya mlendo kapena laputopu ya wina wongodutsa isaone ngakhale khomo la seva.

Dziko lapansi linaphunzira zimenezi mowawa. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150. Inkadumpha kuchoka pa kompyuta kupita pa inzake kudzera pakhomo lija la 445, n'kukhoma mafailo, n'kumafuna dipo. Ku England, zipatala za boma zinakhudzidwa kwambiri moti odwala zikwizikwi anauzidwa kuti abwere tsiku lina. Chaka chomwecho, kampani ya Microsoft inayamba kuchotsa mu Windows njira yakale yogawanirana mafailo yotchedwa SMB1, imene mndandanda wakale wa makompyuta unkadalira. Nchifukwa chake m'maofesi ena kompyuta yatsopano siona seva yakale pamndandanda. Wina akati ayatsenso njira yakaleyo kuti zinthu ziphweke, dziwani kuti akutsegula khomo limene linatsekedwa pa chifukwa.

Choncho namwino akakana kukuonetsani za m'bale wanu wamkulu popanda mwini wake, kapena kalaliki akakana kubwereka mnzake pasiwedi, musamuone ngati wouma mtima. Mawa chinsinsi chimene adzasunge ndi chanu.

Kuchoka chipatala china kupita china

Ngati nyumba ziwiri za pamalo amodzi zingakhale midzi iwiri, kuli bwanji zipatala zotalikirana? Boma la Blantyre lilibe chipatala cha boma chachikulu chakechake monga maboma ena, choncho odwala ochokera m'zipatala zing'onozing'ono monga Madziabango, Chileka ndi Lirangwe amatumizidwa ku Queen Elizabeth. Ena mumasankha kupita ku Mlambe, chipatala cha Mpingo wathu ku Lunzu. Ena mumasamuka chifukwa cha banja, ganyu kapena kukadikirira mwana wanu woyembekezera. Pamalo aliwonse pali kaundula wake. Kwina ndi wa kompyuta, kwina ndi wa pepala.

Unduna wa Zaumoyo uli ndi dongosolo la dziko lonse lotchedwa DHIS2, limene linapangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo likugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Kumeneko zipatala zimatumiza malipoti a mwezi ndi mwezi: ana angati abadwa, angati adwala malungo, angati alandira katemera. Malipoti otere ndi ziwerengero zothandiza boma kukonza mapulani. Si kumene dokotala amakawerenga kuti inu mumamwa mankhwala ati. Ntchito yolumikiza zipatala kuti nambala imodzi izikudziwitsani kulikonse yakhala ikuchitika, koma kulumikizako kumadalira magetsi ndi intaneti ya tsiku limenelo. Musaike moyo wanu pa chiyembekezo chakuti kompyuta ya kumene mukupita ikudziwani.

Kwa ife Akatolika zimenezi si zachilendo. Dzina lanu linalembedwa m'kaundula wa ubatizo wa parishi imene munabatizidwira. Mutafuna kumanga ukwati ku parishi ina, Bambo Mfumu a kumeneko sanakupezeni m'buku lawo. Kodi ananena kuti sindinu wobatizidwa? Kodi anakubatizaninso? Ayi. Anakufunsani khadi lanu la ubatizo, kapena analembera kalata ku parishi yanu yoyamba, ndipo ukwati utachitika uthenga unabwerera kuti ukalembedwe pambali pa dzina lanu m'buku loyamba lija. Mpingo wasunga dongosolo limeneli kwa zaka zambiri kuti munthu mmodzi akhale ndi mbiri imodzi. Buku lanu la kuchipatala ndi kalata ya tiransifa zimagwira ntchito ya khadi limenelo. Pamene mawaya sanafike, mlatho ndinu.

Kuopsa kwa kulembedwa kawiri

Kulembetsa ngati watsopano kumaoneka ngati njira yachidule, koma mtengo wake ndi waukulu. Tiyerekeze mayi amene wakhala akumwa ma ARV zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anasinthidwa mankhwala chifukwa oyamba analeka kugwira ntchito m'thupi mwake. Wasamukira kwina, kompyuta siikumuona, iye n'kunena kuti sanayezetsepo. Amuyeza, amulemba ngati woyamba kumene, n'kumupatsa mankhwala oyambira. Dokotala watsopanoyo sadziwa za kusintha kuja, sadziwa zotsatira za kuchuluka kwa tizilombo m'magazi ake, sadziwa mankhwala amene anamutulutsapo ziwengo. Kuchipatala chake chakale, dzina lake lalowa m'gulu la osiya mankhwala, ndipo alangizi a zaumoyo akutha nsapato kumufunafuna m'mudzi umene anachokamo kale.

N'chimodzimodzi ndi wodwala shuga, BP, khunyu kapena chifuwa chachikulu. Mayi woyembekezera amene anachitidwapo opareshoni pobereka ayenera kudziwika msanga kulikonse kumene wafika. Mwana amene khadi lake la katemera latayika akhoza kuphonya wina osadziwika.

Kubwerera kunyumba wopanda mankhwala nakonso n'koopsa. Munthu akadumphitsa ma ARV, tizilombo timachulukananso ndipo tikhoza kuphunzira kukana mankhwalawo. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo amalola kuti munthu wochokera kuchipatala china, amene mankhwala amuthera ali paulendo, apatsidwe ongomuthandiza kwa nthawi yosapitirira mwezi umodzi, akaonetsa khadi lake kapena buku losonyeza mankhwala amene amalandira. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, mabanja ambiri a ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo anataya mabuku ndi mankhwala m'matope. Amene ankakumbukira dzina la chipatala chawo, nambala yawo ndi dzina la mankhwala anali osavuta kuwathandiza.

Zoti muchite inuyo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Buku la kuchipatala muziyenda nalo paulendo uliwonse wogona, litakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Kasitika ka timizere kaja musakamatule, musalembepo, ndipo kasanyowe. Nambala yanu ya kuchipatala ndi mayina a mankhwala mulembenso pena, monga kuchikuto cha buku lanu la mapemphero. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani tsamba loyamba ndi tsamba lomaliza kulembedwa, koma foniyo ikhale yokhoma ndipo zithunzizo musatumize m'magulu a WhatsApp.

Dzina likhale limodzi. Kompyuta siidziwa kuti Maria, Mariya ndi Malita wa kwa amfumu akuti ndi munthu mmodzi, kapena kuti dzina la bambo anu ndi la amuna anu ndi anu onse. Gwiritsani ntchito dzina ndi tsiku lobadwa zimene zili pa chiphaso chanu cha unzika. Kalaliki akati simukuoneka, muuzeni mayina ena amene munalembetserapo, chaka chimene munayamba, ndi mudzi umene munatchula.

Mukafuna kusamuka, pitani kaye kuchipatala chanu mukapemphe tiransifa, mankhwala asanathe. Ngati mwasamuka kale mwadzidzidzi, nenani zoona kumene mwafikako: "Ndinayambira kwakuti, chaka chakuti." Azaumoyo amatha kuimbirana foni.

Safunsa anadya phula. Mukauzidwa kuti sisitimu yagwa, funsani mwaulemu: "Kodi mungandithandize polemba papepala lero?" Ntchito ya chipatala inalipo makompyuta asanabwere, ndipo zolembedwa papepala zimatha kulowetsedwa netiweki ikabwerera. Onetsetsani kuti chimene mwalandira tsikulo ndi tsiku lobweranso zalembedwa m'buku mwanu. Kumbukiraninso kuti kalaliki uja si amene wagwetsa sisitimu. Nayenso mzere ukumuyang'ana, ndipo madzulo atsala akulowetsa zonse zimene analemba pamanja. Pa mafunso a zaumoyo mukhoza kuimbanso Chipatala Cha Pa Foni mwaulere.

Zoti bungwe lichite

Pamsonkhano wanu wa mwezi uno, patulani mphindi zochepa kuti mukambirane nkhaniyi. Poyendera odwala ndi okalamba m'miphakati, funsani ngati buku lawo lilipo, lili pouma, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala akulidziwa. Simufunika kuwerenga zamkati. Mwini wake akafuna kuti mumuwerengere, zimene mwaonazo zithere pomwepo.

Amene muli m'komiti ya pachipatala, ya sukulu kapena ya parishi, muli ndi mafunso oti mukafunse pamsonkhano. Seva ikazima, amaimbira ndani, ndipo nambala yake yalembedwa pati? Mabatire ndi sola zinayesedwa liti? Mafomu a pepala a tsiku la mdima alipo okwanira? Nanga zimene zili mu seva zimakoperedwa kwina kangati, ndipo kopeyo imasungidwa kuti? Funso lomalizali ndi lalikulu kuposa onse. Seva yosaoneka imapezeka waya akalumikizidwa, koma seva yopsa ndi mphezi kapena yobedwa, yopanda kope, imapita ndi zonse. Mbewu ya chaka chamawa simuisunga m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya.

Mafailo a bungwe lanu nawo asamaleni motero. Kaundula wa mamembala, zopereka ndi ngongole za banki mkhonde zikhale m'buku la pepala ndiponso, ngati zili pa kompyuta, zikoperedwe pa fulashi yosungidwa ndi munthu wachiwiri. Wina akabweretsa kabokosi katsopano ka Wi-Fi mu ofesi, adziwitse kaye amene amasamalira makompyutawo. Papepala lomatidwa mkati mwa kabati mulembe dzina la seva, nambala yake ndi ya rauta, kuti katswiri wobwera mawa asayambire pa mdima. Pasiwedi yokha isalembedwe pamenepo.

Achemwali anu, apongozi anu kapena mnzanu wa mumphakati akadzabwera akulira kuti chipatala chamutaya, mukhazikeni pansi. Mufunseni kumene anayambira, mutenge buku lake, ndipo mawa lake mupite naye.